Injini ikafera ku Misuku, wogulitsa alipire bulekidauni

Wogula galimoto yatsopano m'dziko muno amapatsidwa kabuku ka walanti, n'kuuzidwa kuti injini ikavuta mwa iyo yokha nthawi yomwe agwirizana isanathe, kampani idzaikonza ulere. Kawirikawiri nthawiyo imakhala zaka 3 kapena makilomita 100,000. Lonjezo limeneli ndi lomwe limalimbitsa mtima kopaletivi, mpingo kapena bungwe lothandiza anthu kuti litulutse ndalama zankhaninkhani m'malo mooda galimoto yoyendapo kale ku Japan. Mtengo wa walantiyo uli kale m'kati mwa mtengo wa galimoto, choncho wogula walipira ndipo si mphatso ayi. Koma m'timalemba ting'onoting'ono ta mapangano ambiri oterewa mumabisala mawu akuti galimoto yowonongeka ifikitsidwe ku galaja ya kampaniyo, ndipo ndalama zoifikitsira kumeneko, pamodzi ndi zonse zomwe mwini wake wataya chifukwa chakuti galimoto yaima, kampani sizikuikhudza. Kwa munthu wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa mawu amenewa salemera kwenikweni. Kwa munthu wa ku Misuku, mawu amenewa amafafaniza theka la walanti yonse.

Taonani kumene galimotoyo ili. Kuchoka ku Misuku pamafunika kutsika mapiri mpaka pa Kapoka, pa msewu womwe mbali yake yaikulu ndi ya dothi, wokhotakhota, woterera mvula ikagwa. Pa Kapoka m'pomwe munthu amakumana ndi tala wa msewu wa Karonga-Chitipa, uja wa makilomita 101 womwe anamanga anthu a ku China. Kuchoka apo n'kutsikira ku Karonga, kutsata nyanja pa M1, kukwera Chiweta, kenako kufika ku Mzuzu, kumene makampani akuluakulu ogulitsa galimoto zatsopano amalekezera akamabwera kumpoto kuno. Ulendo wonsewo ndi woposa makilomita 300. Galimoto yomwe injini yake yanoka siyenda ngakhale mita imodzi, ndipo kuikoka ndi chingwe potsika mapiri amenewa n'kuika miyoyo pachiswe, popeza injini ikazima mabuleki ndi chiwongolero zimalimba. Imafunika kunyamulidwa ndi bulekidauni kapena lole. Galimoto yonyamulayo imachokera kutali yopanda kanthu, ndipo mwini wake amawerengera mafuta a ulendo wobwera ndi wobwerera womwe.

Bulekidauni ndi chiyambi chabe. Pali mlonda woti agone pa galimoto masiku onse omwe ili m'mbali mwa msewu, kuti isapezeke ilibe batire ndi matayala. Pali dalaivala woperekeza galimotoyo ku Mzuzu, yemwe ayenera kudya, kugona ku resiti hausi ndi kukwera basi pobwerera. Pali kudikira masipeya, komwe masiku ano kumatalika chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Ndiye pali ntchito yomwe galimotoyo inagulidwira. Misuku ndi kwawo kwa khofi, ndipo gawo lalikulu la khofi wa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union limachokera m'mapiri amenewa, m'mphepete mwa nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa. Khofi wakupsa akathyoledwa ayenera kumenyedwa tsiku lomwelo, apo ayi amayamba kusasa ndipo mtengo wake umagwa. Galimoto ikafa nyengo yokolola, mwini wake sangauze khofi kuti adikire masipeya. Amachita hayala galimoto ya wina pa mtengo uliwonse umene wauzidwa. Nthochi, nyemba ndi uchi zopita ku Karonga nazonso sizidikira. Pakutha pa miyezi iwiri kampani imamuimbira foni kuti injini yakonzedwa ulere, abwere adzatenge, koma ngongole zomwe wadzikundikira kuti afike pa "ulere" umenewo palibe amene amazifunsa.

Ine ndikuti izi n'zolakwika. Wogulitsa amene analandira ndalama za munthu wa ku Misuku, n'kulemba yekha keyala ya ku Misuku pa invoisi, ankadziwa kumene galimoto ikupita. Ngati injini yafa chifukwa cha vuto lochokera ku fakitale, ndalama zokaitenga komwe yafera ndi mbali ya mtengo wokonzera vutolo, ndipo mwini vuto ndiye alipire. Mlimi wa khofi asamalipire msonkho wokhala kutali ndi tauni pa cholakwa chomwe chinachitikira ku Durban kapena ku Thailand.

Malamulo athu sali chete pa nkhaniyi monga momwe ogulitsa ena amafunira kuti tiziganizira. Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 1998, Competition and Fair Trading Act, mu gawo 43 linaletsa wogulitsa kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka, ndipo linaletsanso kupereka walanti yogwira ntchito m'dera limodzi lokha kapena pa malo amodzi okha ogulitsira. Aphungu a nthawi imeneyo anaona kale vuto lomwe ndikunenali. Loya wa kampani adzati walanti yawo ndi ya dziko lonse, kungoti kokonzera ndiye ku Mzuzu. Koma walanti yomwe munthu sangaifikire pokhapokha atalipira ulendo wa lole wa makilomita 300 yasiyana pati ndi walanti ya pa malo ogulitsira? Consumer Protection Act ya 2003 imapatsa wogula ufulu wolandira chipukutamisozi chokwanira ndiponso msanga pa zomwe wataya chifukwa cha wogulitsa. Ndipo Sale of Goods Act, lamulo lakale la kugula ndi kugulitsa katundu, limati katundu wogulidwa kwa wamalonda akhale woti n'kugwira ntchito yomwe anagulidwira, ndipo wogulitsa akaphwanya lonjezo alipire zotayika zomwe mwachidziwikire zabwera chifukwa cha kuphwanyako. Kabuku ka walanti ndi pangano lowonjezera pa malamulo amenewa. Sikangawameze.

Funso lakuti wophwanya pangano alipire mpaka pati linayankhidwa kalekale pa mlandu wa chigayo, ndipo aliyense wophunzira zamalamulo ku Zomba amaudziwa. Mu 1854 khoti la ku England linagamula mlandu wa Hadley ndi Baxendale. Shafuti ya injini ya chigayo cha mumzinda wa Gloucester inathyoka, eni chigayo n'kuipereka kwa amtengatenga kuti aipititse ku Greenwich, akatswiri akaonerepo popanga ina. Amtengatenga anachedwa nayo masiku angapo, chigayo chinaima, ndipo eni ake anasuma kuti abwezeredwe phindu lomwe anataya. Khoti linati wophwanya pangano amalipira zinthu za mitundu iwiri: zotayika zomwe aliyense angayembekezere, ndi zina zapadera zomwe mbali zonse ziwiri zinkadziwa popangana. Eni chigayo sanapambane pa nkhani ya phindu, chifukwa khoti linaona kuti amtengatenga sanauzidwe kuti popanda shafuti imeneyo chigayo chonse chiima. Makhoti athu amatsatabe mfundo imeneyi. Tsono ndalama za bulekidauni zili m'gulu loyamba mosakayikitsa, pakuti palibe wogulitsa galimoto angaime pamaso pa woweruza n'kunena kuti sankadziwa kuti galimoto yakufa injini imafunika kunyamulidwa. Za khofi wowonongeka ndi hayala ya galimoto ina zimalimba ngati wogula ananena poyamba. N'chifukwa chake kopaletivi iliyonse ikamagula galimoto ilembe pa kalata yooda kuti galimotoyi ikagwira ntchito ku Misuku, yonyamula khofi nyengo yokolola, ndipo palibe ina yoilowa m'malo. Chiganizo chimodzi chimenecho chingadzapulumutse mamiliyoni.

Ogulitsa ali ndi yankho lawo, ndipo ndi bwino kulimva. Amati misewu ya kumapiri imapha galimoto. Amati anthu amathira mafuta a m'zigubu osakanikirana ndi madzi kapena palafini. Amati pikapu ya tani imodzi imasenzetsedwa matani awiri, anthu khumi n'kukhala pamwamba pa matumba. Zina mwa zimenezi n'zoona, ndipo amene wapha injini chifukwa choyendetsa galimoto yopanda oyilo, nyali yofiira ikumuchenjeza, asayembekezere kuti wina amulipirira. Koma msewu wa ku Misuku sunayambe dzulo. Makampani omwewo akamatsatsa mapikapu awo amajambula galimoto ikukwera mapiri, ikuwoloka mitsinje, ikuphwanya matope, ndipo ndi chifukwa chake anthu amalolera mtengo wake. Sizingatheke kuti phiri likhale chokometsera malonda pogulitsa, kenako likhale mlandu wa wogula injini ikafa. Za mafuta a m'zigubu nazo tinene zoona: m'zaka zapitazi, kuyambira 2022, malo omwetsera mafuta akhala akuuma ngakhale ku Lilongwe kwenikweniko, nanji ku Chitipa. Ngati mafuta oipa ndiwo apha injini, zimenezo zimaoneka. Amatunga pang'ono mu thanki, n'kukayeza. Kungonena pakamwa kuti "bwana, mwina munathira mafuta oipa" si umboni.

Apa m'pomwe pagona vuto lalikulu koposa. Amene amatsegula injini ndi makaniko wolembedwa ntchito ndi kampani yomwe idzalipire ngati vuto lipezeka la ku fakitale. Nkhuku ikutumidwa kukaweruza mlandu wa mphemvu. Mwini galimoto amakhala ali ku Misuku, sanaone gasiketi, sanaone pisitoni, sanaone ngati madzi anathawa chifukwa cha paipi yosalimba kapena chifukwa cha mwala womwe unaboola rediyeta. Amangolandira foni yakuti walanti yakanidwa, ndipo akafuna galimoto yake alipire injini ina, kuphatikizapo ndalama zosungira galimoto pa galaja. Sindikunena kuti amakaniko a m'makampani ndi abodza. Ndikunena kuti dongosolo lomwe woimbidwa mlandu amadziweruza yekha silingakhale lachilungamo, ngakhale anthu ake atakhala oona mtima chotani. Wogula akhale ndi ufulu wobweretsa makaniko wake tsiku lotsegula injini. Kukana walanti kuzikhala kolembedwa, kofotokoza chifukwa chake, kosainidwa, ndipo zitsulo zomwe zachotsedwa zisungidwe mpaka nkhani itatha. Pakakhala kusagwirizana, boma lili ndi akatswiri a galimoto ku PVHES ndi ku Road Traffic omwe angaone injiniyo popanda kukondera.

Pali msampha wina womwe umakola anthu akutali injini isanafe n'komwe. Mabuku ambiri a walanti amati sevisi iliyonse ichitikire ku galaja ya kampani, apo ayi walanti yatha. Ngati buku likunena kuti sevisi ndi pa makilomita 5,000 alionse, munthu wa ku Misuku ayenera kuyenda makilomita oposa 600, kupita ndi kubwerera, kukangosintha oyilo ndi fyuluta. Ndiye kuti pa makilomita 100 alionse omwe galimoto yayenda, 12 ndi a ulendo wa ku sevisi. Nyengo ya mvula, kapena mafuta akasowa, sevisi imodzi imaphonyeka kapena imachitikira kwa makaniko wa pa boma la Chitipa, ndipo tsiku lomwe injini idzafe ndi chinthu china chosakhudzana ndi oyilo, tsamba lopanda chidindo lija ndi lomwe adzatsegule poyamba.

Anzathu a ku South Africa anauona msampha umenewu n'kuuchotsa. Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a Competition Commission ya kumeneko amalola mwini galimoto kukachititsa sevisi kwa makaniko woima payekha popanda kutaya walanti yonse. Kampani ingakane kulipira chokhacho chomwe chawonongeka chifukwa cha ntchito ya makanikoyo. Ku America lamulo la Magnuson-Moss la 1975 linaletsa kale kumangirira walanti ku masipeya kapena sevisi ya kampani imodzi. Galimoto zambiri zatsopano zomwe timagula kuno zimapangidwa kapena kudzera ku South Africa komweko. N'chifukwa chiyani pikapu imodzimodziyo ikhale ndi ufulu umenewu ku Polokwane, koma ikawoloka pa Mwanza ufuluwo n'kutsala? TEVETA yaphunzitsa amakaniko ambiri, ndipo ena ali ku Chitipa ndi ku Karonga. Kampani yomwe ikufuna kugulitsa kumpoto kwenikweni isankhe mmodzi kapena awiri mwa iwo, iwaphunzitse, iwapatse chidindo.

Ndipo tisamavomereze msanga kuti injini yatsopano singafe yokha. Ku South Africa komweko galimoto za Ford Kuga za injini ya malita 1.6 zinayamba kuyaka moto pamsewu, ndipo kwa nthawi yaitali eni ake ankadandaula popanda yankho logwira mtima. Mu January 2017 kampaniyo inaitanitsa galimoto 4,556 kuti zikakonzedwe, itavomereza kuti injini zinkatentha mopitirira chifukwa madzi oziziritsa sankayenda bwino, mutu wa injini n'kung'aluka, oyilo n'kudonthera pa chitsulo chotentha. Mu 2019 inagwirizana ndi National Consumer Commission kulipira chindapusa cha ma rand 35 miliyoni ndi kupereka ma rand 50,000 kwa aliyense amene galimoto yake inapsa. Zinatheka chifukwa eni galimoto anasonkhana, atolankhani anaimirira pa nkhaniyo, ndipo bungwe la boma linali ndi mano. Kuga imodzi yoteroyo ikanapsera pa Kapoka, mwini wake akanauzidwa kuti ndi mafuta a m'chigubu, ndipo akanakhulupirira.

Mano amenewo ife tinalibe kwa nthawi yaitali. Khonsolo yoteteza ogula yomwe lamulo la 2003 linalonjeza inakhala zaka zambirimbiri yosakhazikitsidwa, moti ntchito yokuwa inatsalira bungwe loimira ogula la CAMA ndi mkulu wake, a John Kapito. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC nalo linagwa mphwayi mu 2023, pomwe khoti lalikulu, pa mlandu wa Airtel Malawi, linagamula kuti lamulo la 1998 silinalipatse mphamvu zolipiritsa chindapusa palokha. Nyumba ya Malamulo inakonza zimenezi ndi lamulo latsopano la 2024, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 July chaka chomwecho. Tsopano CFTC ingalipiritse kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zomwe yapeza pa chaka, ingalamule kuti wogula abwezeredwe ndalama zake, ndiponso ingalowerere pa mapangano okhala ndi mfundo zopondereza wogula. Tamva bungweli likulimbana ndi okweza mitengo ya shuga, simenti ndi chakudya cha nkhuku, ndipo lachita bwino. Liitanitsenso mabuku a walanti a makampani onse ogulitsa galimoto, njinga zamoto ndi injini za zigayo, liwerenge timalemba ting'onoting'ono tija, ndipo linene poyera kuti mfundo yosenzetsa wogula mtengo wa bulekidauni pa vuto la ku fakitale ndi yopondereza. Lisadikire dandaulo lochokera ku Misuku, chifukwa munthu amene wangotha kulipira lole ya ku Mzuzu sakhalanso ndi ndalama yopitira ku Lilongwe kapena yolipira loya ku khoti lalikulu.

Ogulitsa adzati zimenezi zikweza mtengo wa galimoto. Ngati injini zawo zili zolimba monga amanenera, zofa pa walanti ndi zochepa, ndipo mtengo wozinyamula ukagawidwa pa galimoto zonse zogulitsidwa suoneka n'komwe. Ngati zofa ndi zambiri moti mtengowo ungawalemere, ndiye kuti pali nkhani ina yomwe ogula ayenera kuidziwa.

Ndikudziwa kuti ambiri ku Misuku sagula galimoto yatsopano. Amagula Sienta, Probox kapena Canter yolowera pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam, kapena njinga yamoto ya kabaza. Wogulitsa wa pa yadi amamenya bonati n'kunena kuti "ikavuta mwezi usanathe mubwere nayo", koma palibe chomwe walemba. Injini ikanoka patatha sabata ziwiri, foni yake siipezekanso, kapena akuti munagula mutaiona. Lonjezo la pakamwa ndi pangano ndithu, koma kulitsimikiza pamaso pa majisitireti n'kovuta. Amene akugula aumirire kuti mawuwo alembedwe pa lisiti: masiku angati, makilomita angati, ziwalo ziti, ndipo ndani adzanyamule galimoto ikafera kutali. Wogulitsa wokana kulemba wakuuzani kale mmene injini yake ilili. Wogula njinga kutsidya kwa Songwe adziwenso kuti CFTC ilibe mphamvu pa sitolo ya ku Tanzania.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho mwini galimoto naye ali ndi mbali yake tsiku la tsokalo. Injini ikayamba kugogoda kapena singano ya kutentha ikakwera, aime pomwepo, asakakamize kuti akafike pa Kapoka. Ajambule ndi foni makilomita omwe ali pa dashibodi, nyali zomwe zayaka, oyilo pa kachitsulo koyezera, ndi malo omwe galimoto yaima. Asalole aliyense kumasula injini kampani isanayankhe. Alembere kampaniyo uthenga wosungika, pa WhatsApp kapena pa kalata, wowauza kuti galimoto yafera pakuti, abwere adzaitenge, ndipo akapanda kutero pofika tsiku lakuti iye adzainyamula yekha n'kuwatumizira bilu. Mwini lole, mlonda, resiti hausi, wa hayala, aliyense alembe lisiti, ngakhale la pa pepala la m'kope, lokhala ndi tsiku ndi siginecha. Asankhe njira yosawononga ndalama mopitirira, chifukwa khoti limayembekezera kuti wolakwiridwa nayenso achepetse zotayika. Pokatenga galimoto asasaine pepala lonena kuti nkhani yonse yatha asanaliwerenge. Anthu ambiri amataya ufulu wawo pa kauntala pomwepo, chifukwa cha chimwemwe choona galimoto ikuliranso.

Wogula wamkulu wa galimoto zatsopano m'dziko muno ndi boma, ndipo ndi lomwe lingasinthe khalidweli msanga kuposa khoti lililonse. Ambulansi yonyamula mayi wovutika pobereka kuchoka ku chipatala cha Misuku kupita ku chipatala chachikulu cha Chitipa imagulidwa ndi misonkho yathu kapena ndi thandizo la abwenzi akunja. Ikafa injini ili pa walanti, ndalama zoinyamulira ku Mzuzu zimachotsedwa m'thumba lomwelo logulira mafuta ndi chakudya cha odwala, ndipo masiku onse omwe ili ku galaja anthu amanyamula odwala pa njinga zamoto kutsika mapiri aja. PPDA, yomwe imayang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ilamule kuti tenda iliyonse ya galimoto ikhale ndi mfundo zitatu: wogulitsa akatenge yekha galimoto yofa pa walanti kulikonse komwe ili m'Malawi muno, abwereke ina yogwira ntchito yomweyo ngati kukonza kupitirira sabata imodzi, ndipo avomereze sevisi yochitikira m'boma lomwe galimoto ikugwira ntchito. Kampani yokana mfundozi isapatsidwe tenda. Khonsolo ya Chitipa ndi Mzuzu Coffee zingayambe kulemba mfundo zomwezi pa galimoto yotsatira yomwe zigule, osadikira Lilongwe.